Nsalu ya Veronika

1. Mtsikana Wosankhidwa

Kuno ku Chilomoni, mtsikana akasankhidwa kukhala Veronika sayendanso ngati anzake.

Chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera, achinyamata a pa parishi yathu amachita sewero la masautso a Ambuye Yesu. Amayambira pakhomo la tchalitchi, kudutsa kumsika, mpaka kukafika m'tsinde mwa phiri la Michiru. Panjira amaima malo khumi ndi anayi. Pa malo achisanu ndi chimodzi, mtsikana mmodzi amatuluka m'gulu n'kupukuta nkhope ya Yesu ndi nsalu yoyera. Akaitambasula nsaluyo, nkhope ya Ambuye imaoneka itadindika pamenepo, ndipo amayi amafuula ngati sanazionepo chibadwire.

Chinsinsi chake aliyense amachidziwa, koma palibe amachinena. Nkhopeyo imajambulidwiratu mkati, nsaluyo n'kuipinda kanayi.

M'chaka cha 1995 mwayi umenewu unagwera Edith Namaona, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wa Fomu 3. Tisamunamizire, mwanayo anali wa mtima wabwino. Koma masabata amenewo khosi linatalika. Popita kumjigo ankayenda ngati mkwatibwi, ndipo akatsala yekha m'nyumba ankaima pagalasi n'kumayeserera kutambasula thaulo la bambo ake, maso atayang'ana kumwamba.

Lachitatu masana, Mayi Jere, mphunzitsi wa ku pulayimale amene ankayendetsa sewerolo, anamupatsa nsalu yeniyeniyo ili m'jumbo.

"Tamvera bwino, Edith," anatero Mayi Jere. "Nsalu iyi amayi anayi a m'mphakati achita kusonkherana. Nkhopeyo wajambula Bruce wa zikwangwani uja, ndipo yamutengera masiku atatu. Penti yake ndi yamadzi. Dontho limodzi lokha, basi, Yesu wathu wasungunuka. Usaiike pansi, usabwereke mnzako, usapukutire thukuta lako. Chaka chatha mtsikana wina anaitambasula mozondotsa, anthu anaseka mpaka ansembe anabisa nkhope m'buku. Mpaka lero mwanayo akadutsa pamsika amamutchula Veronika Wozondoka. Anthu a kuno saiwala, mwana wanga. Chaka chino kubwera alendo a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kudzaona. Ukatichititsa manyazi, dzina limenelo udzakwatiwa nalo."

"Musadere nkhawa, madamu," anayankha Edith. "Chaka chino anthu alira zenizeni."

2. Khutu la Bambo Namaona

Yesu wa chaka chimenecho sanali wina koma Flexon, mchimwene wake wa Edith. Anamusankha chifukwa cha msinkhu ndi ndevu, osati chifukwa cha kufatsa, pakuti mnyamatayo anali wa mtima wapachala. Awiriwa ankakondana kwambiri. Mayi awo atamwalira, Flexon ndiye ankamuperekeza Edith kusukulu atamubereka kumsana.

Bambo awo, a Venansio Namaona, anali katekisiti wa pa parishi. Ukafuna kulankhula nawo unkaima kudzanja lawo lamanja, chifukwa khutu lakumanzere linali logontha. Linagontha m'chaka cha 1992, nthawi ya chipani chimodzi, kalata ya maepiskopi ija itangowerengedwa m'matchalitchi. Anyamata a chipani anafika panyumba n'kuipeza kalatayo pansi pa matiresi. Anawakokera panja a Namaona n'kuwamenya ana awo akuona. Amene anawaponda kukhutu ndi nsapato anali Kalisto, mnyamata amene iwo omwewo anamuphunzitsa katekisimu.

Zinthu zitasintha m'dziko muno, Kalisto anasowa osadziwika kumene analowera.

Lachisanu Loyera m'mawa panyumba sanaphike kanthu, popeza linali tsiku losala. Flexon anabwera kuchokera kumsika maso ali psuu.

"Ababa, Kalisto wabwera! Ndamuona kuseri kwa chigayo. Wawonda, wangotsala mutu wokha, akutsokomola ngati galu wokalamba. Abale ake amukana. Mulungu wamukantha, ndipo wachita bwino. Ndikangomaliza sewero, ndikamusonyeza kuti inu munabereka mwana wamwamuna."

A Namaona anatembenuza khutu lamanja, n'kumuuza kuti akhale pansi.

"Flexon, khutu linagontha ndi langa, osati lako. Ndinagona m'chipatala milungu itatu, ndipo ndikuuze zoona, ndinkapempha Mulungu kuti mwendo wa mnyamata uja uume. Ine, katekisiti! Tsiku lina ndikupemphera pemphero la Ambuye, ndinafika pa mawu okhululukira aja, pakamwa panangouma. Ndipamene ndinadziwa kuti ndadwala matenda awiri, ndipo a khutuwa ndi aang'ono. Usanene kuti Mulungu wamukantha. Kodi mayi ako anawakantha chifukwa chiyani? Nanga ine? Matenda si chikwapu cha Mulungu, mwana wanga. Lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Chifundo cha Mulungu si mphotho ya anthu abwino ayi. Mvula ikamagwa pa Chilomoni pano sisankha denga. Lero usenza mtanda anthu zikwi akuona. Ukausenza ndi mtima umenewu, udzakhala utangosenza thabwa."

Flexon anangoyang'ana pansi, akukukuta mano.

Kenaka a Namaona anatembenukira kwa Edith, amene ankasita diresi yake yoyera.

"Iwenso Veronika wanga, ndakhala ndikukuona pagalasi paja, usaganize kuti maso nawo anagontha. Mayi amene ukumuyerekezayo sanapite kukaonetsa nsalu. Anapita kukapukuta nkhope. Nkhopeyo inali ndi malovu a anthu, fumbi ndi magazi, ndipo panalibe womuombera m'manja. Aliyense ankaopa kuoneka ngati mnzake wa munthu wotembereredwa. Ukamanyada lero, unyadire zimenezo."

"Ndamva, ababa," anatero Edith. Koma maso ake anali pa diresi, kuopa kuti simbi ingaipsereze.

3. Pansi pa Mtengo wa Mango

Pofika cha m'ma 12 koloko dzuwa linali litaswa mtengo. Mayi Jere anamutumiza Edith kuti atsogole, akadikire pa malo ake, pansi pa mtengo wa mango kungodutsa kumsika. Anthu ambiri anali atafika kale pamenepo kuti aonere bwino. Atamuona anamupatukira njira.

"Veronika uja ndi ameneyu! Koma ndiye watchena!"

Edith anaima mowongoka, jumbo ili pachifuwa. Kutali kunkamveka nyimbo za chisoni ndi mawu a bambo ake pa chimkuzamawu, akuwerenga za malo achinayi.

Mwadzidzidzi anthu a kumbuyo kwake anabalalika. Munthu wina amene anatsamira mtengowo anayamba kutsokomola koopsa, kenaka anagwa chafufumimba, chipumi n'kumenya pamwala. Magazi anayenderera mpaka m'maso. Kukamwa kunali thovu losakanikirana ndi fumbi, ndipo ntchentche sizinachedwe kufika.

"Musamukhudze ameneyo, matenda ake ndi aja aja," anatero bambo wina.

"Si Kalisto uyu? Wa makadi a chipani uja? Eee, choipa chitsata mwini!"

"Amukokere uko, atiwonongera sewero."

Edith anamuzindikira. Tsiku lija bambo ake akumenyedwa iye anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo anaonera zonse ali kuseri kwa chitseko. Nkhope imeneyo sakanaiiwala. Mtima wake unadzaza ndi mkwiyo, ndipo anatembenukira kumsewu.

"Madzi," anatero Kalisto chapansipansi. "Chonde, madzi."

Mayi wina anaika botolo la madzi pansi n'kulikankha ndi phazi. Linagubuduka n'kuima pafupi ndi nsapato za Edith. Kalisto anapapasa pansi osaliona, pakuti magazi anali atamutseka m'maso.

Edith anatola botololo.

"Amayi, ndani ali ndi chitenje chapadera? Ngakhale kansanza chabe?"

Amayi onse anayang'ana kumbali, aliyense atagwiritsitsa chitenje chake. Edith anadzipapasa. Kumutu anali ndi kansalu kaukonde kosapukuta kanthu. Chimene chinatsala ndi chomwe chinali m'jumbo.

Nyimbo zinali zitayandikira. Gulu linali litafika pa malo achisanu.

"Iwe mtsikana, usayerekeze!" anakuwa mayi wina ataona Edith akumasula jumbo. "Imeneyo ndi nsalu ya Ambuye!"

Edith anagwada pafumbi ndi diresi yake yoyerayo. Anavala jumbo ija kudzanja, monga anawaphunzitsira kusukulu kuti magazi a munthu sagwiridwa ndi manja. Anathira madzi pansalu. Anapukuta m'maso, anapukuta kukamwa, kenaka anatsindira pabala mpaka magazi analeka. Madzi otsalawo anamumwetsa.

Kalisto anatsegula maso n'kumuyang'anitsitsa.

"Ndiwe mwana wa aphunzitsi Namaona," anatero. "Choka, mwanawe, usadzidetse ndi ine. Sukundidziwa kodi?"

"Ndikukudziwani."

"Ndimangofuna ndimveko mawu awo akuwerenga. M'tchalitchi sindingalowe. Munthu ngati ine Mulungu anatseka kale buku."

"Khalani phee, bala lingayambirenso," anatero Edith. Madzi amene ankadontha pansaluyo anali a mtundu wa penti.

4. Malo Achisanu ndi Chimodzi

Gulu linafika. Patsogolo panali asilikali a zipewa za makatoni, pakati pawo Flexon, chisoti chaminga kumutu, mtanda paphewa. Mayi Jere anathamanga kudzamuona Veronika wawo. Ataona nsalu anagwira kumutu.

"Mayo ine! Edith, watani?"

Koma nthawi inali itatha. A Namaona anali atalengeza kale pa chimkuzamawu kuti apa ndi pamene Veronika anapukuta nkhope ya Yesu. Maso onse anatembenukira kumtengo wa mango.

Edith akanatha kuthawa. Kuseri kwa mtengowo kunali kanjira kopita kwawo. Koma Edith anaimirira, maondo a diresi ali fumbi lokhalokha, n'kulowa mumsewu. Anagwada pamaso pa mchimwene wake.

Flexon anaona nsalu. Anaona munthu amene anakhala chotsamira mtengo. Anamvetsa zonse.

"Wapukutira galu uja?" ananong'ona. "Usandikhudze nayo."

"Achimwene, chonde."

"Ndati usandikhudze!"

Ndipo anatembenuzira nkhope yake kumbali. Chiyambire sewero limeneli ku Chilomoni, Yesu anali asanamukanepo Veronika. Asilikali anayang'anizana, osadziwa chochita. Oyimba anasiya nyimbo pakati.

Edith anagwadabe kanthawi, misozi ili chuchuchu. Kenaka anaimirira, natembenukira kwa anthu, n'kutambasula nsalu ija monga anamuphunzitsira. Sanayang'ane kumwamba ngati pagalasi paja. Anangoikweza.

Panalibe nkhope. Panali matope a penti, fumbi ndi magazi a munthu.

Anyamata ena kumbuyo anaseka. Wina anakuwa kuti, "Veronika Wamatope!" Edith anamva, koma manja sanatsitse.

A Namaona anakweza chimkuzamawu pakamwa. Atalankhula, sanali kuwerenganso m'buku.

"Akhristu anzanga, ndili ndi mlandu woti ndiulule. M'mawa uno ndawalalikira ana anga za chifundo, ndipo ndinalankhula bwino ndithu. Koma munthu ali apoyo ine ndinamuona milungu iwiri yapitayo, atagona kuseri kwa chigayo. Ndinawoloka msewu. Ndinadziuza kuti ndinakhululuka kale mumtima, basi zakwana. Zaka zitatu ndakhala ndikuphunzitsa ndi pakamwa chimene mwana uyu wachichita ndi manja. Nkhope yojambula ija tinkadziwa tonse kuti anaijambula ndi Bruce. Koma izi zili pansaluzi si zojambula ayi. Ambuye amene tikuwatsatira mumsewu muno anati tikawafuna tidzawapeza mwa odwala ndi okanidwa. Sanati mwa odwala abwino okha. Amene akufuna kuseka aseke. Ine ndine bambo wake wa mtsikanayu, ndipo sindinanyadepo ngati lero."

Mayi uja anakankha botolo ndi phazi ndiye anayamba kugwada. Anatsatira anzake awiri, kenaka mzere wonse wa amayi, mpaka kuseka kuja kunazilala kokha. Si onse anagwada, tisaname. Ena anangopukusa mitu. Koma ife amene tinalipo timanena mpaka lero, ndipo timanena monyada, kuti Chilomoni sanaonepo Veronika woposa ameneyu.

Flexon anakoka mtanda wake n'kupitirira, osayang'ana mlongo wake.

5. Pakhomo

A Namaona anapereka chimkuzamawu kwa wapampando wa parishi kuti amalize malo otsalawo. Anapita pamtengo wa mango n'kuwerama. Kalisto anabisa nkhope m'manja.

"Aphunzitsi, ine ndi amene..."

"Lankhulira mbali iyi, mwana wanga," anatero a Namaona, akutembenuza khutu lamanja. "Koma ulankhula bwino ukadya. Tiye kunyumba. Mawa tikupititsa kuchipatala."

A Habibu, Msilamu wokhoma zidebe pafupi pomwepo, amene ankaonerera zonsezi ali pakhonde, anabweretsa wilibala yawo. Anayalamo chiguduli, n'kuthandizana ndi a Namaona kumunyamula wodwalayo. Edith ankayenda pambali atamuphimba ku dzuwa ndi buku la mapemphero.

Asanapite patali, Mayi Jere anawapeza akupuma mwawefuwefu. Edith anaweramitsa mutu.

"Pepani, madamu. Munandichenjeza."

"Ndinakuchenjeza, inde, ndipo sunamve," anatero Mayi Jere. "Amayi a m'mphakati andifunsa, ndipo sindikudziwa kuti ndiwayankha chiyani. Dzina lija akupatsa, limenelo ndiye usakayike." Anatenga nsaluyo, naiyang'ana, naipinda bwinobwino kanayi, n'kumubwezera. "Ukaichape ndi madzi otentha ndi jiki. Bala lija lifunika kumangidwa."

Cha m'ma 4 koloko, Kalisto anali atakhala pamkeka pakhonde, akumwa phala pang'onopang'ono. Nsalu ija inali itayanikidwa pachingwe, yotuwa, yopanda nkhope. Mitambo inali itayamba kusonkhana pa Michiru, ndipo mphepo yozizira inkamutsokomoletsa wodwalayo.

Apa ndi pamene Flexon anatulukira, penti yofiira ya zikwapu idakali kumsana, chisoti chaminga chili m'manja. Anaima pageti.

"Ababa, ichi n'chiyani pakhomo pathu?"

"Ndi mlendo. Kukubwera mvula, tikumulowetsa m'nyumba."

"M'nyumba momwe anakutulutsanimo akukukokani?" anakuwa Flexon. "Ine ndinalipo, ababa! Ndinapukuta magazi anu pakhonde lomweli. Nthawi imeneyo Veronika anali kuti? Sankhani. Munthu uyu akalowetsa mwendo m'nyumba muno, ine ndatuluka, ndipo simudzandionanso."

Kalisto anayesa kudzuka. "Aphunzitsi, ndisiyeni ndizipita. Mnyamatayo akunena zoona."

Koma miyendo inakana, ndipo anakhalanso pansi. Madontho oyamba anayamba kugunda pa malata.

A Namaona anamugwira Kalisto m'khwapa n'kumuimiritsa. Manja awo onse awiri anali otanganidwa, ndipo chitseko chinali chotseka. Pafupi ndi chitsekocho panaima Edith.

Flexon anamuyang'ana mlongo wake koyamba chichokere pamtengo wa mango.

"Edith," anatero motsitsa mawu. "Ndinakubereka kumsana ine."

"Ndikudziwa, achimwene. Sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala." Misozi inali itayambiranso. "Koma mvula yayamba."

Anatsegula chitseko.

Flexon anakoleka chisoti chaminga pa msomali wa pageti. Sanatenge malaya, sanatenge chikwama. Analowera njira ya ku Ndirande mvula ikumutsuka penti kumsana, ndipo ngakhale Edith anamuthamangira mpaka pamsewu akuitana dzina lake, iye sanatembenuke.